Geji Imene Ndinaika M'vaneti Yanga

Anzanga ambiri oyendetsa magalimoto a turbo amaganiza kuti munthu akaika geji yopima mpweya, galimoto imayamba kuthamanga koposa kale. Ine ndinaika geji yotere m'vaneti yanga ya dizilo, imene imanyamula nshawa kucokera ku Katete kupita ku Lusaka, ndipo ndinganene poyera kuti siinaonjezere liwiro ngakhale pang'ono. Nchito yace ndi kuuza woyendetsa zimene zili kucitika m'kati mwa injini, kumene maso safika.

Turbo ndi cipangizo cozunguzidwa ndi utsi wotuluka m'injini, ndipo pozungulirapo cimakankhira mpweya wambiri m'injinimo kuti mafuta apse bwino. Geji imapima kukankha kumeneku. Kuiika sikunatitengere tsiku lonse. Makaniko analumikiza kapaipi kakang'ono pa manifold, pamene mpweya umalowera m'injini, nakapititsa pa kabowo ka mphira kotulukira kwa woyendetsa, kutali ndi paipi ya utsi cifukwa kutentha kwace kungakasungunule. Waya wa nyali ya geji anaulumikiza ku nyali za pa dashibodi kuti iziwala usiku. Ine ndinaumirira cinthu cimodzi cokha, kuti polumikizira ponse amange zolimba, pakuti kapaipi kakaphonyoka, mpweya umene turbo yabvutikira umathawira panja.

Cofuna kudekha ndi kuphunzira kuiwerenga. Yanga imawerenga m'ma bar. Zina zimawerenga m'ma psi, ndipo bar 1 ilingana ndi psi 14.5. Milungu yoyamba ndinali kungoyang'anira mubvi wace, kufikira ndinadziwa kuti pokwera mapiri a Manenekela ndi katundu wodzaza umaima pafupi ndi 0.8. Yanu, owerenga, ingasonyeze nambala ina, pakuti mainjini amasiyana.

Tsiku lina m'cilimwe, pa citunda comweco, mubvi unakana kupitirira 0.5, ndipo kumbuyo kunali kufuka utsi wakuda bii. Wina akadati turbo yafa, pamene yatsopano ingadye ndalama za nshawa za caka conse. Ife tinayamba kuyang'ana zotsika mtengo. Sefa ya mpweya inali itatsekeka ndi fumbi la misewu ya kumidzi, ndipo paipi yaikulu ya mphira yocokera ku turbo inali ndi mng'alu wosaposa cala kutalika. Zonse ziwiri tinagula ku Lusaka. Pobwerera, titasenza matumba a feteleza, mubvi unafikanso pa 0.8 pa citunda coyamba titaoloka ulalo wa Luangwa.