Metangula, Tauni Yathu ya Kunyanja

Ife a ku Maniamba timakhala kumtunda. Tikafuna nsomba kapena kalata ya boma, timatsika phiri kupita ku Metangula. Msewu ukakhota komaliza, nyanja yonse imaonekera pansi pathu.

Metangula ndi likulu la boma la Lago. Makolo athu ankaidziwa ngati mudzi wa asodzi. Kumpoto kwake, ku Messumba, amishoni a Anglican anamanga sukulu ndi cipatala. Apwitikizi anapatsa mudziwo dzina lawo, Augusto Cardoso. Ife dzinalo silinatikhale pakamwa.

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Setembala 1964. Atsamunda anali ndi malo a asilikali apamadzi pa Metangula, ndipo maboti awo ankalondera nyanja. Anthu ambiri anawasonkhanitsa m'midzi yokakamiza, ma aldeamento. Ena anathawira ku cilumba ca Likoma ndi ku Tanzania. Masiku amenewo nyumba za simenti zinali za azungu. Zathu zinali za udzu.

Ufulu unabwera mu 1975, dzina la Metangula n'kubwerera. Mu 1976 boma linatenga nyumba zocititsa lendi m'dziko lonse. Kenaka kunagwa nkhondo ina. Anthu a m'midzi anathawira m'tauni, ndipo mtendere utabwera mu 1992 ambiri sanabwerere kwawo. Mu 1998 Metangula inakhala munisipiyo.

Tauniyi imadya za m'nyanja. Usiku nyali za asodzi zimandandalika pamadzi ngati mudzi wina. M'mawa amayi amayanika usipa ndi utaka pa thandala. Matumba a nsomba zouma amakwera msewu wathu uno kupita ku Lichinga. Ife timatsitsa cimanga ndi nyemba, pakuti a kunyanja amalima kwambiri cinangwa. Koma asodzi akudandaula kuti nsomba zacepa. Mu 2011 boma linalengeza kuti mbali yathu ya nyanja ndi malo otetezedwa.

Tsopano za nyumba. Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi akatumizidwa ku Metangula, amafuna pogona. Amene ali ndi njerwa ndi malata amamanga zipinda kuseri kwa nyumba, n'kumalandira lendi mwezi ndi mwezi. Ana athu akapita kukaphunzira kapena kukafuna nchito, amapanikizana anayi m'cipinda cimodzi. Lendiyo timalipira ndife, ndi nyemba zomwe zija.

Malo a m'mbali mwa madzi ndiwo avuta. Kale ankangoyanikapo makoka. Lero anthu a ndalama amawafuna kuti amangepo nyumba za alendo. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa. Munthu amakhala ndi ufulu wogwiritsa nchito malo, umene kalata yake ndi DUAT. Amene analandira malo mwa mwambo wa makolo ali nawo ufuluwo, ngakhale alibe pepala.

M'bale wathu wina sankazidziwa zimenezi. Kunabwera bambo wa galimoto ndi pepala, nati akungogula mitengo iwiri ya mango. M'bale wathuyo anadinda cala. Patapita miyezi itatu anapeza mpanda wazungulira malo onse, mpaka pamene ankakocezapo bwato.

Pepalalo anabwera nalo m'kalasi mwathu. Tinaliwerenga pamodzi, liwu ndi liwu, aphunzitsi akumasulira Cipwitikizi. Mawu akuti mango munalibe. Mlandu uli kwa amfumu, ndipo Lolemba tikumuperekeza atatu.