Fungo la matemba ku Velddrif

Abale anga a pa Mposa, a ku Namanja, ndi inu a geni a pa Liwonde ndi Balaka, pepani lero ndalemba kotalika, koma werengani mpaka kumapeto.

Loweruka lapitali tinasonkherana ya petulo anyamata anayi amene tikuphunzira kuno ku Cape Town, n'kuuyamba msewu wa R27 wolowera kumpoto. Ulendo wa maola awiri. Tinakafika pa katauni kotchedwa Velddrif, pomwe mtsinje wa Berg umathira m'nyanja ya mchere ya Atlantic. Anzangawo ankafuna kukajambulitsa zithunzi za pa Facebook. Madzi ake ngozizira ngati a mufiriji, moti zosambira zinathera m'mawondo.

Ine chomwe chinandigwira ndi fungo. Titangotsika galimoto pa kamsewu kafumbi ka m'mbali mwa mtsinje kotchedwa Bokkomlaan, mnzanga wina anatseka mphuno. Ine ndinangoima, mtima uli myaa. Aise, linali fungo la kwathu, la malaya a ababa akamachokera ku zimbowera.

Kumeneko amayanika nsomba zomwe amazitcha bokkoms. Ndi nsomba zocheperapo, dzina lake harders. Amaziviika mumchere wambiri kwa masiku angapo, kenako amazitunga pachingwe kudzera m'maso, n'kuzipachika m'mwamba pa mitengo kuti mphepo iziumitse. Palibe nsomba yogona pansi. Palibe mchenga, palibe galu wonunkhiza, palibe nkhuku yojompha. Kale chinali chakudya cha anthu osauka ndi antchito a m'mafamu, amadyera buledi ndi khofi. Lero anthu amagalimoto apamwamba amachoka ku Cape Town kudzagula, kudzajambula tinyumba takale toyanikiramo, n'kukhala pansi kumwa tiyi pomwepo. Tauni yonse imadzitama ndi nsomba youma.

Ndinacheza ndi bambo wina wachikulire amene ankatunga nsomba. Manja ake ong'alukang'aluka ndi mchere, ofanana ndendende ndi a ababa. Nditawauza kuti ndine mwana wa msodzi wa ku Malawi anaseka, n'kundisendera imodzi kuti ndilawe. Mchere wake wowawa zedi, singafike pa matemba a tomato ndi nsima ya mgaiwa, zimenezo ndisakunamizeni. Koma mmene anandipatsira, ngati akundipatsa chinthu cha mtengo wapatali, ndi zomwe zandisowetsa tulo.

Inu mukudziwa mmene tinakulira. Kusukulu ukangolowa m'kalasi wina amati "kwanunkha matemba", ena onse gwa kuseka. Tinaphunzira kubisa ntchito ya makolo athu. Ukafunsidwa umati bambo anga ndi abizinesi. Chonsecho fizi, yunifolomu, ngakhale thiransipoti yokalembera mayeso, zonse zinatuluka m'khoka ndi m'miono. Ababa eniake mpaka lero amandiuza kuti mwana wanga, phunzira kuti phazi lako lisadzapondenso matope a Chilwa. Ndimawamvetsa. Anaona nyanja ikuphwa mu 1995, anaionanso mu 2018 mabwato atakhala pa dothi long'aluka ngati zigoba za nkhono. Munthu woona zotere safunira mwana wake nkhafi.

Komatu taonani. Nyanja ya Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar mu 1996, ndipo inali yoyamba m'Malawi. Dambo la pa Velddrif linalowa pa mndandanda womwewo mu 2022, patatha zaka zoposa 25. Akunja anadziwa kalekale kulemera kwa nyanja yathu. Amene timaichitira manyazi ndife ana ake.

Ndipo manyazi ali ndi mtengo wake. Chinthu chomwe ukuchita nacho manyazi suchisamala. N'chifukwa chake matemba timangowamwaza pansi, ogula ku Limbe akamatafuna mchenga n'kumatitsitsa mtengo. N'chifukwa chake neti ya udzudzu yomwe anatipatsa kuchipatala ikukokolola ndi tiana tomwe ta makumba. Nyengo yotseka nyanja ikafika timazemba usiku, a komiti ya pagombe tikuwatenga ngati adani. Mitengo ya m'phiri la Chikala ikuthera kuwamba milamba, dothi n'kumatsetserekera m'nyanja momwemo. Mwana aliyense wophunzira amathawira m'tauni, pagombe n'kutsala opanda owerengera ndalama kapena kulemba kalata ku boma.

Sindikunena kuti ku Velddrif kulibe mavuto. Nawonso amadandaula za ziphaso, malamulo a maukonde ndi kuchepa kwa nsomba. Msodzi ndi msodzi kulikonse. Koma iwo sabisa fungo lawo, amaligulitsa.

Pempho langa ndi laling'ono. Amene muli ndi nsungwi, mangani thandala, nsomba zichoke pansi. Inu a geni, matemba oyera muziwagula mosiyana ndi amchenga kuti wosamala aone phindu. Ndipo inu ana asukulu, akakufunsani ntchito ya bambo anu, yankhani mokweza kuti ndi asodzi.

Wina amene ali pafupi ndi ababa awawerengereko uthengawu, foni yawo ndi ya mabatani. Muwauze kuti sukulu ikuyenda bwino ndipo ndimaliza. Koma za kusapondanso matope zija, tidzakambirana ndikabwera pa holide. Pepani ababa, pamenepo pokha sindikulonjeza.

Tumizani ku magulu ena a kunyanja.