Fupa Silimva Changu

Mwa ziwalo zonse za thupi, kakolo ndi chimodzi mwa zija zimene mwini wake sazikumbukira. Munthu amayang'ana nkhope yake pagalasi m'mawa uliwonse, amatsuka mano ndi kupesa tsitsi, koma za kakolo salabadira. Komatu pamfundo yaing'ono imeneyi ndi pamene pamatsamira thupi lonse. Pamenepa pamakumana mafupa atatu: fupa lalikulu la msongolo, fupa lowonda la kunja kwa mwendo, ndi kafupa ka pamwamba pa phazi kamene kamakhala pakati pa awiriwo ngati mpini m'khasu. Limodzi mwa mafupa amenewa likathyoka, munthu wamphamvu amasanduka khanda.

Bambo wina wa kumapiri a ku Dedza adaziona zimenezi ndi maso ake. Iye adali mkamwini, ndipo ulemu wake wonse pamudzi wa mkazi wake udali m'khasu. Ankalawirira kumunda nkhuku zisadatsike, ankalima chimanga ndi mbatata ya kachewere, ndipo pa zaka zonse zimene adakhala pamudzipo sadapempheko munthu kuti amuthandize ngakhale mzere umodzi. Anthu ankamuyamika, nayenso ankakondwa nako kuyamikidwako.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina kumayambiriro kwa mwezi wa Disembala, mvula itangokata, iye adasenza thumba la feteleza la makilogalamu 50 natsika nalo chitunda kulunjika kumunda. Phazi lamanzere lidaterereka pa katondo wonyowa n'kukodwa pakati pa miyala iwiri, thupi ndi thumba zidapotokera kwina. Adangomva kuti thyo! Poyesa kudzuka adapeza kuti phazi silikumumvera.

Anthu atamunyamulira kunyumba padabuka mkangano. “Alamu, kumeneku n'kubinya chabe,” adatero mlongo wa mkazi wake. “Tikuthowani ndi madzi otentha, mkuja muyenda.” Wodwalayo adavomera msanga, pakuti mawu amenewa ndiwo ankafuna kumva. Koma mkazi wake adakana. “Abambo, taonani phazi lanu mmene lapenyera kumbali. Mwendo wobinya sukhala chonchi. Tiyeni kuchipatala.” Mayiyo adalasa. Kubinya n'kuvulala kwa minyewa imene imamanga mafupa pamodzi, ndipo kawirikawiri wobinya amatha kutsimphina. Azachipatala amati munthu akalephera kuponda ngakhale kanayi kokha, kapena akamva ululu waukulu pokhudzidwa pa fupa lenileni la kakolo, ayenera kujambulidwa. Kukoka ndi kufikisa mwendo wothyoka kumangoonjezera vuto.

Kuchipatala cha boma adamujambula ndi makina a X-ray, aja amene kuwala kwake kudatulukiridwa ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany m'chaka cha 1895. Chithunzi chidaonetsa kuti fupa lowonda lija lidathyoka chakumunsi. Amene adamuthandiza adali mmodzi mwa madokotala othandizira a za mafupa, amene dziko la Malawi lidayamba kuwaphunzitsa m'chaka cha 1985 poona kuchepa kwa madokotala aakulu a opaleshoni. Iye adawongola phazilo, nafotokoza kuti mafupa akasemphana kwambiri pamafunika opaleshoni yowalumikiza ndi tizitsulo, koma kuti ake akhoza kugwirana ndi chikhakha chokha. Poyamba adamuika chikhakha cha theka, cha kumbuyo kwa mwendo, kuti chotupa chipeze malo. Patatha sabata adamuika chozungulira mwendo wonse kuyambira kumunsi kwa bondo mpaka kuzala.

Chikhakha ndi nsalu yowazidwa ufa woyera wochokera ku mwala. Njira yomangira mafupa motere adaiyambitsa ndi Antonius Mathijsen, dokotala wa asilikali wa ku Holland, m'chaka cha 1851. Ufawo ukaviikidwa m'madzi umatentha pang'ono n'kulimba pa mphindi zochepa, koma kuti uumitsitse pamatenga masiku awiri kapena atatu. Malangizo amene bamboyo adalandira adali omveka: asachinyowetse, asalowetsemo kamtengo pofuna kukanda, agoneke mwendo pamalo okwera, ndipo abwerere msanga ngati zala zazizira, zasintha mtundu kapena zachita dzanzi. Lamulo lalikulu lidali lakuti asapondere phazilo kwa masabata 6.

Pomva masabata 6, bamboyo adawerenga zala. Imeneyo idali nyengo yeniyeni yopalira, yothira feteleza ndi yobandira. Ululu wa mwendo udacheperachepera, koma padabwera ululu wina woposa. M'mawa uliwonse ankakhala pamphasa pakhonde, mwendo uli pathumba la madeya, n'kumaona mkazi wake, ana ake ngakhalenso apongozi ake okalamba akudutsa makasu ali paphewa. Kusamba ankachita kumutungira madzi. Kuchimbudzi ankapita ndi ndodo ziwiri, mwana wake wamkulu akumutsata pambuyo kuopa matope. Mawu aliwonse olankhulidwa motsitsa kuseri kwa nyumba ankawayesa miseche ya iye. Usiku tulo sitinkabwera, ankangoona udzu ukumera m'munda mwake.

Pa sabata lachitatu ululu udatheratu, ndipo apa ndi pamene padali ngozi yaikulu. Fupa likathyoka, magazi amaundana pamalopo. M'magazi oundanawo mumayamba kumera kamnofu kofewa kolumikiza mbali ziwirizo, kamene pang'onopang'ono kamasanduka chichereche, kenaka fupa lolimba. Pa sabata lachitatu cholumikizacho chimakhala chidakali chanthete ngati mphukira ya nsungwi: n'chokwanira kuthetsa ululu, koma chosakwanira kusenza munthu. Wopondera nthawi imeneyi amasuntha mafupa, ndipo kakolo akapolera mopotoka, ngakhale pang'ono pokha, mfundoyo imaperepeseka ndi kuwawa moyo wonse.

Bamboyo sadafune kumva zimenezi. Madzulo ena adatuma mwana kuti amupatsire mpeni, nayamba kucheka chikhakhacho kuyambira pabondo. Apongozi ake aakazi adaziona ali pa mtondo. Mwa mwambo sakadatha kumudzudzula maso ndi maso, choncho adaima kuseri kwa nkhokwe nalankhula mokweza ngati akuuza mwana wawo. “Iwe, kawauze bambo a kwanuko kuti chimanga chikalephera chaka chino tidzabzala china chaka chamawa. Nanga mwendo tidzaubzala kuti? Ife tidalandira munthu pamudzi pano, sitidalandire khasu.” Mpeni udagwa pansi. Kwa nthawi yaitali bamboyo adangoti zyoli, osayankha kanthu.

Loweruka lotsatira mkazi wake adaphika thobwa naitana dima. Anthu adabwera ambiri, ena a iwo amene bamboyo sadawathandizepo chifukwa chotanganidwa ndi munda wake. Pofika masana munda wonse udali woyera. Iye adafuna kuthokoza koma mawu adamuthawa. Mlamu wake uja ndiye adamupeputsa mtima. “Musavutike, alamu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.”

Kuyambira tsiku limenelo adaleka kulimbana ndi nthawi. Adapempha nsungwi nayamba kuluka malichero, luso limene adaphunzira ali mwana koma n'kulitaya. Adasiya fodya atamva kuti utsi wake umachepetsa magazi ofika pa fupa ndi kuchedwetsa kupola. Mkazi wake ankayesetsa kupeza usipa ndi matemba, nsomba zodyedwa ndi minga yomwe, pamodzi ndi nyemba ndi ndiwo zamasamba, pakuti m'zakudya zotere ndimo thupi limapeza zomangira fupa. Madzulo ana ankamuzungulira, ndipo kwa nthawi yoyamba adadziwa kuti mwana wake wachiwiri ankavutika ndi masamu.

Kumapeto kwa Januwale chikhakha chidachotsedwa. Iye ankayembekeza kuti adzadzuka n'kuyenda monga kale, koma zimene adaona zidamuziziritsa nkhongono. Mwendo udali wowonda ngati wa mwana, katumba atafota, khungu likusupuka ngati la njoka. Phazi lidali gwa, losapindika. Ataliika pansi adamva ngati waponda minga. Apa adazindikira kuti kuchira kuli pawiri. Kulumikiza fupa ndi ntchito ya thupi, ndipo mwini wake amangodikira. Koma kudzutsa minofu imene yagona masabata ambiri ndi ntchito ya mwini wake, imene palibe dima lingamugwirire.

A mafizo kuchipatala adamuphunzitsa zochita. Ankakhala pansi n'kukoleka chitenje kuphazi, namakokera zala chakumaso kwake. Ankalemba zilembo m'malere ndi chala chachikulu cha kuphazi, kuyambira A mpaka Z, ana akuseka. Kenaka ankagwira mzati wa khonde n'kumanyang'ama, ndipo pambuyo pake adayamba kuima ndi mwendo umodzi kuti phazi likumbukire kudzichirikiza pamalo osalingana. Adataya ndodo imodzi, kenaka inayo. Madzulo aliwonse kakolo ankatupa, monga amachitira kwa miyezi ingapo, ndipo ankamugoneka pamwamba mpaka m'mawa. Chovuta koposa chidali mantha. Kwa masabata angapo ankazungulira njira yaitali popewa chitunda chija, kufikira tsiku limene adatsikapo pang'onopang'ono, dzanja lili paphewa la mwana wake.

Pa nyengo yokolola adali akusenza madengu, ngakhale kuti osadzaza. Chimanga chidachepa poyerekeza ndi zaka zina, koma nkhokwe sidakhale yopanda kanthu, ndipo malichero aja adagula sopo ndi makope. Fupa limapitiriza kudzikonza ndi kudzisalaza kwa miyezi yambiri munthu atayamba kale kuyenda, choncho m'nyengo yozizira ya Juni, pamene mphepo ya ku Dedza imalowa mpaka m'mafupa, kakolo uja ankamukumbutsa za ngoziyo.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amathyoka fupa amaphunzira mwambiwu ndi thupi lake, pakuti fupa silimva changu, silidziwa kuti kumunda kuli udzu kapena kuti mayeso ayandikira. Koma anthu a pamudzipo adaona kusintha kwina mwa mkamwini wawo. Chaka chotsatira, mayi wina wamasiye atadwala pa nyengo yopalira, woyamba kufika pamunda pake adali bambo uja, akutsimphina pang'ono, ndipo iye ndiye adayenda khomo ndi khomo kumema anzake.