Mapilisi a Malungo kwa Munthu Wosadwala Malungo

Anzanga acinyamata, funsani makolo anu za kolorokwini ndipo adzakusimbirani kuwawa kwake ndi kuyabwa kwa thupi usiku wonse. Dziko lathu la Zambia linasiya kucizira malungo ndi mankhwalawa ndi kuyamba Coartem m'caka ca 2003, cifukwa tizirombo ta malungo sitinali kufanso nawo.

Ndiye ndinadabwa pamene azakhali anga a ku Nyimba anabwera kucokera ku UTH ku Lusaka ndi mapilisi ochedwa hydroxychloroquine, amene ndi m'bale wake wa kolorokwini. Kwa zaka ziwiri zala ndi maondo ao zinali kutupa, ndipo ena pamudzi anati awalodza. Adokotala anapeza kuti ndi nyamakazi ya mtundu wina, imene asilikali a m'thupi amaukira thupi lomwe ayenera kuteteza. Mapilisiwa amafatsitsa asilikaliwo, koma amagwira nchito pang'onopang'ono, mwina mpaka miyezi itatu.

Ine, popeza ndinapita ku koleji, ndinawerenga kuti mankhwalawa angaononge maso. Ndinacoka ku Petauke mothamanga kukawauza. Azakhali anacita mantha nasiya kumwa. Patapita miyezi iwiri, anali kulephera ngakhale kugwira mthiko. Ndinacita manyazi kwambiri.

Titabwerera kucipatala, adokotala anatifotokozera bwino. Ngozi ya maso ilipodi, koma imabwera kawirikawiri munthu akamwa zaka zambiri kapena mopitirira muyeso. Muyesowo amauwerengera pa kulemera kwa thupi, osapitirira mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse patsiku. Maso ayenera kupimidwa poyamba, ndipo zikakwana zaka 5, caka ciliconse. Mseru ndi kutsegula m'mimba zimacepa ukamwa utadya. Anaticenjezanso kuti mapilisi ocepa cabe angaphe mwana wamng'ono, conco azakhali amawasunga m'sutikesi yokhoma.

Inu amene mumayendera odwala m'magulu anu, phunzirani pa kulakwa kwanga. Muwapempherere ndi kuwatungira madzi, koma musawauze kusiya mankhwala. Ngati wodwala akuona mwacimbuuzi kapena mtima ukugunda modabwitsa, mperekezeni kucipatala msanga. Ndipo mwana akatentha thupi, musapemphe mapilisi a azakhali. Pitani naye akapimidwe magazi.

Lero azakhali aphikanso nsima okha. Sabata yamawa ndiwaperekeza kukapimitsa maso.