Makina ankangoti zii, koma tsopano akuyankha

Ndikupereka umboni uwu poganizira anzanga amene amagwira ntchito ndi timakina toyendera Linux, chifukwa vuto limene linandisowetsa tulo likhoza kuwapezanso iwo.

Tinkapanga kachipangizo koyezera magetsi a sola, kokhala ndi purosesa ya ARM. Kachipi koyeza kamalankhulana ndi purosesa kudzera pa I2C, ndipo kakakhala ndi uthenga kamagwetsa waya wa INT kuchoka pa 3.3V kufika pa 0V. Kuitana kumeneku ndiye interrupt. Zinthu zinkayenda bwinobwino, kenako mwadzidzidzi manambala n'kusiya kubwera. Mu dmesg munalibe dandaulo lililonse. Tikazimitsa n'kuyatsanso, zinkayambiranso. Ogula anayamba kubweza katundu, ndipo kuntchito kunamveka zoti bolodi yonse ingotayidwa. Mtima unandiwawa, poti ntchito za anthu angapo zinkadalira bolodi imeneyo.

Kuwala kunayamba pamene ndinatsegula /proc/interrupts makina ali chiimire. Nambala ya interrupt yathu sinkasuntha, ndipo pambali pake panalembedwa Edge. Nditayeza waya wa INT, unali pa 0V. Kachipi kankaitana ndithu, koma kernel sinkamva.

Apa m'pamene pagona nkhani. Pa edge, purosesa imangomva kamphindi kamene waya ukugwa, ngati mlendo amene wanena odi kamodzi n'kukhala chete pakhomo. Pa level, purosesa imamvabe kuitanako nthawi yonse imene waya uli pansi. Kachipi kathu kamagwira waya pansi mpaka zonse zimene kasunga zitawerengedwa. Tsono uthenga wachiwiri ukafika driver isanamalize woyamba, waya sunkakweranso. Popanda kukwera panalibe kugwa kwatsopano, ndiye mbali zonse ziwiri zinkangodikirana mpaka kalekale.

Chondizunguza mutu chinali chakuti mu device tree munalembedwa zolondola: IRQ_TYPE_LEVEL_LOW, imene nambala yake ndi 8. Nanga Edge inkachokera kuti? Ndinawerenga kernel/irq/manage.c mzere ndi mzere, ndipo mu __setup_irq ndinapeza yankho. Driver ikatchula yokha mtundu wa trigger popempha interrupt, kernel imatsatira mawu a driver, zimene zili mu device tree n'kufufutika. Ikapanda kutchula, kernel imatenga zimene zinaikidwa kale. Driver imene inabwera ndi kachipiko inali ndi IRQF_TRIGGER_FALLING yolembedwa m'kati mwa devm_request_threaded_irq. Ine ndimaona kuti chizolowezi chimenechi n'choipa: mmene waya walumikizidwira ndi nkhani ya bolodi, ndipo malo ake ndi mu device tree.

Ndinachotsa liwu limodzi lokhalo la IRQF_TRIGGER_FALLING, n'kusiya IRQF_ONESHOT mmene inalili. Iyi ndi yofunika kwambiri pa level, chifukwa kuwerenga pa I2C kumatenga nthawi ndipo kumachitikira mu thread. IRQF_ONESHOT imatseka interrupt mpaka thread itamaliza, apo ayi purosesa ikanamangoitanidwa kosalekeza. Ikatsegulidwanso waya ukadali pansi, kernel imaitananso driver, ndipo palibe uthenga wotayika.

Nditayatsa kernel yatsopano, mu /proc/interrupts munaoneka Level. Ndinapanikiza kachipiko ndi mauthenga ochuluka mwadala, nambala n'kumangokwera osaima. Ndinathokoza Mulungu mokweza, anzanga mpaka kutembenuka. Bolodi ija sinatayidwe, ndipo zipangizo zimene zinabwezedwa tinaziika kernel yokonzedwayo n'kuzitumizanso kwa eni ake.