Chithunzi cha agogo chomwe chidathera mumdima

Kwathu kuno ku Dedza, mwezi wa June dzuwa silichedwa kulowa, ndipo nkhungu ikatsika m'phiri kumada ngati madzulo ngakhale ili 3 koloko. Ndi mwezi womwewu pomwe timatsanzikana ndi ana a Fomu 4 asadayambe mayeso a MSCE. Pasukulu pathu palibe magetsi, ndipo mwambowu timachitira m'kalasi yamazenera ang'onoang'ono.

Chaka china adandipatsa ntchito yojambula, poti ndidali ndi kamera yomwe alamu anga adanditumizira kuchokera ku Joni. Mtsikana wina adabwera ndi agogo ake, omwe adamulipirira fizi zaka zinayi pogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1. Adandipempha kuti ndiwajambule pamodzi ndi anzake. Ine ndidadalira kafulashi kakang'ono kobwera ndi kamerayo.

Zithunzi zitatuluka, ana akutsogolo nkhope zidayera mbuu, pomwe agogo aja, omwe adaima kumbuyo chifukwa cha manyazi, lidangooneka duku lokha. Patatha miyezi itatu adamwalira. Mtsikanayo adandipeza kunyumba: "Aphunzitsi, chithunzi chija chilipo? Kwathu kulibe china cha agogo." Ndidamupatsa, koma maso anga adali pansi.

Chomwe chidandiwawa kwambiri n'chakuti ndimaphunzitsa Fizikisi. Ndimauza ana kuti mtunda ukawonjezereka kawiri, kuwala kumachepa kanayi. Munthu woima pa mamita 4 amalandira gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwala komwe walandira mnzake wa pa mamita 2. Izi ndinkazilemba pabolodi, koma nditagwira kamera ndidaziiwala.

Nditasunga ndalama pang'onopang'ono, ndidagula ku Lilongwe fulashi yakaunjika, ija yomangirira pamwamba pa kamera. Ndi yaing'ono, imakwana m'thumba la jekete, ndipo imadya mabatire anayi a AA omwe ndimatchaja ndi sola. Mphamvu yake imaposa kutali kafulashi kaja, koma ubwino wake weniweni ndi woti mutu wake umapindika. M'malo mowalitsa anthu m'maso, ndimaulozetsa kukhoma lopaka laimu, kuwala n'kubwerera mofewa. Kudenga sindilozako, chifukwa malata athu ndi akuda ndi utsi ndipo alibe siling'i. Ndidaphunziranso kuimika anthu pafupifupi mtunda umodzi, akuluakulu patsogolo, ngakhale akane.

Komabe fulashi si yongothwanitsa paliponse. Kumaliro kapena kubwalo la Gule Wamkulu ndimayamba ndapempha kwa amfumu. Akakana, kamera imabwerera m'chikwama.

Nthawi zina ndimapita ndi ana ku Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula zapamiyala zomwe bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Akafula komanso makolo athu Achewa adajambula ndi utoto wofiira ndi woyera, opanda batire, koma ntchito yawo ikuonekabe. Ine, ndi kamera ya ku Joni, ndidalephera kusunga nkhope imodzi.

Anzanga ojambula m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'masukulu, musamathamangire kudina kuti mulandire ndalama msanga. Onani kaye komwe kuwala kukufika ndi komwe kwalekezera. Kumudzi kuno alipo anthu omwe amajambulidwa kamodzi kokha moyo wawo wonse.