Kanema atawoloka nyanja ya Chilwa

Kale nkhani zinkafika pa chilumba cha Chisi ndi bwato. Wochokera ku Kachulu akangotsika padoko, anthu ankamuunjirira kuti amve za ku Zomba: chimanga chili pa zingati, wamwalira ndani. Zina zonse tinkazimva pa wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964. Mabatire akafooka, bambo anga ankawayanika padzuwa pambali pa matemba kuti akafikeko pa nkhani za madzulo. M'nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema, moti nkhope ya mtsogoleri tinkaionera pa ndalama ndi pa nsalu za mbumba.

Television Malawi inatsegulidwa mu 1999, a Bakili Muluzi akulamulira. Ife tinangomva kuti kutauni anthu akumuona ndi maso wowerenga nkhani, pamene kwathu tinkaunikirabe koloboyi. Kanema anayamba kutifika kudzera m'zisakasa za vidiyo, jenereta ikulira kuseri, anyamata akulipira khobidi pakhomo kuti aone mafilimu a ku Nigeria ndi a karate. Masola atayamba kutsika mtengo ndi pamene ena anakhoma madishi pamadenga, ndipo zochitika za m'dziko lathu lomwe zinalowa m'nyumba.

Sindiiwala mmene anthu ankadzazira nthawi ya sewero la Tikuferanji. Manganya akatulukira, chisakasa chonse chinkafa ndi phwete, koma sewerolo likatha anthu ankatuluka akutsutsana. Nkhani za Edzi zimene akuluakulu ankangonong'onezana pamaliro zinkanenedwa poyera, m'Chichewa chathu chomwechi. Kwa asodzi amene amatha miyezi pa zimbowera, tizisakasa toyandama panyanja, kutali ndi akazi awo, zimenezo zinali zawo ndithu.

Koma kusintha kwenikweni ndinakuona pa nyanjayi. Chilwa itauma mu 1995, tinazunzika patokha. Matemba, makumba ndi milamba zinasowa, asodzi anabalalika kukafuna maganyu kwina, ndipo tikamafotokozera abale a ku Blantyre kuti nyanja yonse yasanduka dambo, ankaganiza kuti tikukometsera nkhani. Madzi ataphweranso mu 2018, atolankhani anabwera ndi makamera. Dziko lonse linaona mabwato ali gada pa dothi long'aluka, anthu akuyenda pansi pamalo pomwe tinkaponya makoka. Mlongo wanga wa ku Johannesburg anaimba foni akulira, ataona zithunzi za kwawo. Palibe amene anafunikanso kumulumbirira kuti ndi zoona.

Kuonedwa kumapatsa munthu ulemu, ndipo ndimakuyamikira. Chimene chimandiwawa n'chakuti makamera amatikumbukira nyanja ikauma, kolera ikabuka pa zimbowera, kapena madzi akasefukira ngati mmene zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Wotionera kutali angaganize kuti pa Chisi timangokhalira kulira. Chikhalirecho nyanjayi inadziwika padziko lonse mu 1997 pamene inaikidwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika chifukwa cha mbalame zake, ndipo nsomba zake zimadyetsa mabanja ambiri m'chigawo cha kummwera.

Television Malawi inaphatikizidwa ndi MBC, ndipo lero kulinso Times, Zodiak ndi ena. Enawo ndi amalonda, ayenera kutsata kumene kuli ndalama. Wailesi ya fuko ndi yathu tonse, msodzi wa kwa Mkumbira ndi bwana wa ku Capital Hill chimodzimodzi. Pa wailesi ya mawu timamva kale nkhani m'Chiyao ndi m'Chilomwe, ndipo ya Chanco ku Zomba yaonetsa kuti nkhani za nyengo ndi usodzi anthu a kuno amazitchera khutu zikamakambidwa ndi anzawo.

Ndikufuna ndidzaone pa kanema mayi wa ku Kachulu akulongosola yekha mmene amaumitsira matemba m'nyumba zoumitsira ndi dzuwa, komiti ya padoko ikukangana za nyengo yotseka nyanja, ndi wodziwa zanyengo akuchenjeza za mphepo bwato lisananyamuke. Ana athu ayamba kale kujambula zimenezi pa mafoni n'kumatumizirana pa WhatsApp. A MBC akanawaphunzitsa ntchitoyi n'kuwapatsa mphindi zochepa sabata iliyonse, akanazitumiza ku Blantyre okha.